Ndowa Yachikasu ya Achimwene

Lolemba, 2 Juni

Makireti abwerera kuchokera ku Blantyre. Onse. Dalaivala watsitsa pakhomo pa fakitale osayang'ana munthu kumaso. Ndatenga botolo limodzi n'kulipenyetsa kudzuwa. Pamwamba juwisi wa malambe bwinobwino, pansi kamzere ka mchenga. Aka n'kachiwiri. Mwini sitolo wauza a Herbert, apampando athu, kuti watipatsa mwayi womaliza, kumayambiriro a Julayi. Likakapezekanso botolo lamchenga, za Blantyre tiiwale. Ndipo popanda Blantyre fakitale ino ndi shedi chabe. Pa Neno Boma pano ndani angamwe makireti onsewo? Amayi khumi ndi awiri tibwerere kokayala tomato pamsika.

Komiti masana. Kulozana zala. Osefa akuti vuto ndi nsalu yosefera, otsuka mabotolo akuti ndi madzi. Ine ndati vuto lili pageti. Ufa wa malambe takhala tikugula kwa aliyense wofika ndi thumba, a Herbert n'kutsina pang'ono pamwamba, kulawa, n'kuti uli bwino. Kenako matumba onse kukhuthulira mumgolo umodzi. Lero tikufunsana kuti wamchenga unali wa yani. Mgolo uyankha?

Mapeto ake ntchito yogula andipatsa ine. "Poti pakamwa panu m'pakuthwa, Mayi Stelia, tione ngati maso nawo ali choncho," atero a Herbert. Ndavomera asanamalize. Zaka zonse ndinagulitsa nyemba pamsika zija sizinapite pachabe. Ndikudziwa pamene wogulitsa amaika zabwino m'thumba, ndi pamene amabisa zofumbwa.

Ndawauza mmene ndichitire. Wotigulitsa akhale mmodzi, wodziwika, woti zikavuta tikam'gogodere. Choyamba abweretse sampulo. Kenako tikambe mtengo. Kenako atiuze kuti katundu azifika naye bwanji kuno pamsewu wathu uno. Chomaliza, ndikaone ndi maso anga kumene amaswera malambewo, tsiku limene iye sakulidziwa. Onse agwedeza mitu.

Kunyumba, Atikonda ndi nkhani yake imodzi yomwe ija. Chinkhoswe chake ndi Michael, pa 12 Julayi. Mwana wanga mmodzi yekhayo. Akufuna nsalu yofanana ya akuchikazi onse. Ndamuuza kuti ayambe watsuka mbale.

Lachitatu, 4 Juni

Uthenga tinautumiza dzulo pa magulu a pafoni. Ayankha atatu. A Laimoni a ku Zalewa, a galimoto yawoyawo. Gulu la amayi la kumudzi wina kuseri kwa Lisungwi, wotsogolera Mayi Margret. Wachitatu, achimwene anga a Gerishon.

Ndimayembekezera. Ali ndi kagolosale pa Lisungwi, nyengo ino amagula malambe kwa anthu n'kumasinjitsa. Ena mwa matumba olowa mumgolo uja anali awo, monga analiri a anthu ena ambirimbiri. Aimba m'mawa, mawu odzaza chimwemwe. "Ndamva kuti chipande wagwira ndiwe tsopano. Ndiye ife akwanu tigona ndi njala?" Ndaseka. Ndawauza kuti abweretse sampulo ngati wina aliyense.

Munthu ameneyu anandilera. Amayi atamwalira ndili wamng'ono, yunifolomu ndi makope ankagula ndi iwo. Bambo a Atikonda atatisiya, anabwera ndi ngolo kudzanyamula katundu wanga ndi iwo. Ndipo pa 12 Julayi ndi iwo adzakhale kutsogolo, malume a Atikonda, nkhoswe yathu, kulandira tambala wa akuchimuna ndi kupereka thadzi. Mwamuna wina wa bere la amayi athu palibe. Ndi iwo basi.

Komiti ndaiuza ndekha, isanamve kwa ena. A Herbert akanda m'mutu, amati mwina ndiyambe ndapatuka. Ndati ayi, pali njira. Masampulo alandire a Herbert, atsanulire m'mabeseni atatu, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, ine ndili panja. Adziwe okha kuti beseni liti ndi la yani. Ine ndi amayi a pafakitale tiyese ufa, osati nkhope.

Kunena zoona mtima uli m'malo. Achimwene si munthu wauve. Akapambana apambane poyera, mawa anthu asadzati Stelia anakondera.

Loweruka, 7 Juni

Masampulo afika. Ine ndaona zotengera zokha, mkati ayi.

A Laimoni ndi galimoto yotsukatsuka, ufa m'mapepala osindikiza dzina lawo, kakhadi ka manambala a foni atatu. Kulankhula osapumira. Andiitana "bwana" mpaka ndatembenuka kuyang'ana ngati kumbuyo kwanga kuli wina.

Ya Mayi Margret yabwera pakabaza, m'kathumba kochapidwa bwino, komanga ndi luzi. Eni ake sanabwere. Ulendo ndi wodula.

Achimwene panjinga yawo yamoto, fumbi mpaka m'nsidze, kumbuyo atamangirira ndowa yachikasu yatsopano, yachivundikiro, kapepala ka mtengo kakadali pomwepo. Ndawaseka kuti ndowa yokha ndiye yapambana kale.

Apitirira kunyumba. Tiyi ndi mbatata. Atikonda sanachoke pambali pawo. Akuti jekete agula kale, thadzi lanenepa moti likukanika kukwera m'khola. Ayeserera mmene adzalankhulire kwa akuchimuna a ku Magaleta, dzanja limodzi pachifuwa, mpaka Atikonda kugwa pampando ndi kuseka. Ndawayang'ana awiriwo, mtima wanga myaa. Michael akukwatira mwana wokhala ndi malume.

Lachiwiri, 10 Juni

Tsiku loyesa. Kuzizira, zala zochita kuuma. Mabeseni atatu patebulo, a Herbert pakona manja m'thumba, kunamizira kuti sakuona.

Tayamba ndi lilime. Kenako kufinya m'dzanja, poti ufa ukagwirana ndiye kuti uli ndi chinyezi, sabata ziwiri wachita nkhungu. Kenako sefa, kuona zotsalira, zidutswa za zigoba ndi ulusi uja wofiira. Chomaliza changachanga. Kapu ya ufa m'ndowa ya madzi, kuvundula bwino, kudikira kuti adekhe, kutsanula pang'onopang'ono, n'kupisa chala pansi. Mchenga sudziwa kusambira.

Lofiira kuyera kwake kochititsa kaso, amayi anayamba kuliyamikira tisanalawe. Chikomekome cha nkhuyu. Kuwawasa kochepa, m'madzi lachita nandanda ngati phala la mwana. Chimene anathiramo sindinganene, koma mlambe wokha sutero. Pansi pa ndowa mchenga woti n'kumva kulira pachala.

Lobiriwira, lokoma. Louma, lowawasa bwino, pansi pa ndowa mbee. Labuluu chimodzimodzi. Tabwereza kachiwiri, tasinthana malo, tatseka maso polawa. Osasiyana ngakhale pang'ono. Mayi wina wachita kunena kuti ngati anasinjira mumtondo umodzi. Tonse kuseka.

A Herbert aulula. Lofiira a Laimoni. Lobiriwira Mayi Margret. Labuluu a Gerishon.

Ndinafuna kululutira, ndadzigwira. Ndapita kuseri ngati ndikukataya madzi, ndakamwetulira ndekha. Achimwene anga.

Pamtengo, achimwene atsikirapo pang'ono, ndipo akuti azibweretsa okha mpaka pakhomo. Gulu la Mayi Margret lakwererapo, ndipo alibe chonyamulira. A Herbert akuti nkhani yatha, tilembe a Gerishon, nthawi ikutha. Ndakana. Ndinanena zinthu zinayi pamaso pa anthu, ndachita zitatu. Ndipite ndikaone, kuti pasadzapezeke wonena kuti chachinayi ndinachilumpha chifukwa cha magazi. Ndi ulendo wongokwaniritsa mwambo, koma ndipita.

Lachisanu, 13 Juni

Magetsi kulibe kuyambira dzulo. Tatsuka mabotolo, tasesa, takhala.

A Laimoni anditumizira mayunitsi osawapempha. Ndawabwezera, n'kuwauza kuti ufa wawo unagwa m'ndowa. Akuti amayi osinja ndi amene anawapusitsa. Mwina. Koma ife tikugula kwa iwo, osati kwa osinjawo.

Nsalu ya chinkhoswe tasankha, yobiriwira ya timaluwa. Mtengo wake mutu kuwawa. Nsapato zanga zidikire malipiro.

Achimwene aimba kawiri kufunsa tsiku limene ndikubwera. "Kuti mlamu wako aphe nkhuku." Ndati nkhuku ikhale ndi moyo, ndidzangotulukira. Aseka, koma kuseka kwake kwafupika.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndatsikira ku Lisungwi pakabaza. Kunyamuka ndi juzi, kufika kumunsi thukuta. Msana wonse kuwawa ndi mabampu.

Ndayambira kwa achimwene. Iwo kulibe, apita kokagula malambe kumidzi. Alamu andilandira ndi manja awiri, koma maso akuthamangira kuseri kwa golosale. Ndati tiyeni komweko.

Malambe akuswera pansi. Padothi penipeni, popanda mkeka, popanda chiguduli. Chibonga chikagunda, chigoba kusweka, zamkati kumwazikira pafumbi, wina n'kumawola ndi manja kuponya mumtondo. Mbuzi zikudutsa pomwepo. Sefa yong'ambika pakona, asoka ndi ulusi wa thumba. Matumba odzaza atsamira khoma, pansi penipeni. Ndamasula limodzi, ndapisa mkono mpaka m'chigongono, ndatapa wapansi n'kumanga pakansalu. Ndinkangodzifunsa kuti ufa wa beseni labuluu uja unatuluka bwanji pamalo ano.

Kwa Mayi Margret ndafika dzuwa lili pamutu. Sanadziwe kuti ndikubwera, ndawapeza ali pantchito. Mayi wamfupi, wamawu aakulu. Malambe amaswera pathandala loyala mikeka, mitondo ili pachipepala cha pulasitiki, aliyense duku kumutu. Amasefa kawiri. Matumba pamatabwa, m'kanyumba kotseka. Si zodabwitsa ayi, n'zimene aliyense angathe. Kungoti iwo akuchita. Ndapisa mkono m'matumba atatu osankha ndekha, sanatekeseke n'komwe.

Vuto lawo ndi lomwe lija, chonyamulira. Ndiponso sangasinje wambiri nthawi imodzi, akuti bola pang'onopang'ono sabata iliyonse. Ndayamikira kuti anena okha.

Pondiperekeza, akucheza zakumudzi, poti amandidziwa kuyambira ndili mtsikana. Mwadzidzidzi akuti, "Achimwene anu ndi kasitomala wathu tsopano. Anabwera sabata ziwiri zapitazo kudzagula ufa, akuti wa phala la adzukulu. Ndi ndowa yatsopano, yachikasu. Tinawadzazira mpaka pakamwa."

Ndati eti. Ndatsanzika bwinobwino. Pakabaza sindinamvenso mabampu.

Lachitatu, 18 Juni

Ufa wa pakansalu uja ndauyesa kunyumba, Atikonda atapita kumsika. Sindinafune mboni. Pansi pa ndowa mchenga wodzaza supuni yaing'ono.

Tinayesa ufa wa Mayi Margret kuupikisanitsa ndi ufa wa Mayi Margret. Ine n'kukamwetulira kuseri.

Ndakwiya. Ndakwiya moti ndachapa zovala zoyera kale. Chikundiwawa si bodza lokha ayi, koma kuti anadziwa kuti mlongo wawo sadzakayika. Anawerengera chikondi changa ngati mbali ya malonda.

Odziwa ndine ndekha. Mayi Margret sakudziwa chimene anandiuza. A Herbert akungodikira kuti ndinene kuti zonse zili bwino. Nditati ndikhale chete Lachisanu, palibe angandifunse. Mpaka makireti adzabwerere kachitatu, amayi khumi ndi awiri adzayang'ane ine.

Akuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mkhate wake ndi mwana wanga.

Lachinayi, 19 Juni

Ndawaimbira. Ndinafuna amve kwa ine, asanamve kwa komiti.

Sanakane. "Sampulo ndi chovala cha kutchalitchi, Stelia. Ndani amapita kutchalitchi ndi zakumunda?" Akuti aliyense amatero. Akuti ndikawapatsa ntchitoyi akonza zonse, agula mikeka, asintha sefa. Ndati mukanayamba mwakonza, achimwene, n'kubwera ndi ufa wanu, ngakhale ukanagwa ndikanakunyadirani. Ndawauza kuti Blantyre watipatsa mpata umodzi wokha, sindingauyesere pa lonjezo.

Andikumbutsa yunifolomu. Andikumbutsa ngolo. Zonse n'zoona, sindinatsutse.

Mawu omaliza: "Ukandiyalutsa pamaso pa Herbert, thadzi ukapereke wekha." Foni thii.

Ndakhala pakhonde nthawi yaitali. Mkazi sapereka thadzi pachinkhoswe cha mwana wake. Akuchimuna adzafunsa kuti mwanayu alibe kwawo kodi.

Komabe chimene ndikanene mawa ndikuchidziwa.

Lachisanu, 20 Juni

Komiti. Ndafotokoza zimene ndinaona konsekonse, thandala uku, dothi uko. Ndatulutsa ufa wotsala pakansalu, ndavundula m'ndowa pamaso pawo, ndapempha a Herbert kuti apise chala okha. Apisa, atulutsa, ayang'ana chalacho nthawi yaitali.

Afunsa kuti nanga sampulo ija inayera bwanji. Ndati sampulo inali yabwino, matumba ndi ena, ndipo ife tidzagula matumba. Za ndowa yachikasu sindinanene. Ntchito ndawamana, koma dzina lawo sindiliponya pamsewu. Ndikuganiza kuti a Herbert amva zimene sindinanene. Sanafunsenso.

Tasankha gulu la Mayi Margret. Mtengo wokwererapo tavomera, poti kireti yobwerera ndiye yodula kuposa. Chonyamulira, tapangana ndi wakabaza wodziwika, azikatenga Lolemba lililonse, ndalama yake tigawane pakati. Thumba lililonse likafika ndizilibaya ndi kapaipi kosongoka, pamwamba, pakati ndi pansi, kenako ndowa. Lolephera libwerere tsiku lomwelo. Mayi Margret pafoni akuti, "Bayani mmene mungathere, mayi."

Ndapemphanso chinthu chimodzi. Gulu limodzi silokwanira. Kukagwa maliro kumudzi kwawoko, mitondo iima sabata yathunthu, ife tiima nawo. Mu Ogasiti tiyesenso ofuna kukhala wachiwiri, khomo likhale lotsegukira aliyense, ngakhale amene wagwa lero. Avomera. Mayi wina wandiyang'ana m'mbali, ndamuyang'ananso mpaka waweramitsa mutu.

Potuluka a Herbert akuti, "Maso nawo ndi akuthwa." Sindinasangalale nazo mmene ndinkaganizira.

Lamlungu, 22 Juni

Foni ya achimwene ikuitana, osayankha. Ya alamu yozima.

Atikonda wamva, kwa msuweni wake. Sanadye. "Amayi, malambe ndi ine, chachikulu n'chiti?" Ndamuuza kuti ndi iye. Ndamuuzanso kuti nsalu yobiriwira ija yagulidwa ndi malambe. Walowa kuchipinda, chitseko chamveka.

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndimangoona mpando wa kutsogolo uli wopanda munthu.

Ndikanabwerera Lachisanu, ndikananena zomwezo. Koma zikuwawa.

Lachiwiri, 1 Julayi

Masiku apita osalemba. Ntchito, komanso ndinalibe mawu.

Katundu wa Mayi Margret wabwera kawiri tsopano. Ulendo woyamba anachedwa tsiku limodzi, wakabaza anasowa mafuta. Ndamuuza kuti azisunga a Lolemba kuyambira Loweruka, apo ayi tipeza wina. Dzulo wafika nthawi yake. Matumba onse ndabaya, onse adutsa. Mabotolo tikawaimika usiku wonse, m'mawa pansi poyera. Amayi ayambanso kuimba pogwira ntchito.

Akuchimuna atumiza uthenga kufunsa kuti akambirane ndi ndani za dongosolo, poti malume sakuyankha. Ndati akudwaladwala, ayankha. Mkulu wa mpingo wathu akuti zikavuta akhoza kuimirira iye. Ndathokoza. Koma mkulu wa mpingo si malume. Mawa banja likadzagwedezeka, Atikonda adzathawira kwa yani?

Loweruka, 5 Julayi

Ndapita ku Lisungwi. Osati za fakitale.

Njinga yamoto ili pakhonde, nsapato zawo pakhomo, alamu akuti achoka. Ndati chabwino. Ndakhala pampando kwa kanthawi, kuyang'ana chitseko cha kuchipinda. Ndalankhula mokweza kuti chitsekocho chimve. Ndati chinkhoswe ndi cha Atikonda, si changa, ndipo Atikonda sanapise mkono m'thumba la munthu. Ndati mu Ogasiti tiyesanso.

Ndasiya sefa yatsopano ndi chipepala chachikulu cha pulasitiki. Ndalama ya nsapato ija. Ndidzavala zakale, ndani adzayang'ane mapazi a mayi wa mkwatibwi? Alamu alandira ndi manja awiri, misozi ili m'maso. Akuti thadzi likadalipo.

Kuseri ndinasuzumira pochoka. Akuswerabe padothi.

Lachitatu, 9 Julayi

Blantyre walandira. Mwini sitolo akuti anaimika mabotolo pashelefu masiku awiri asanagulitse, kuyang'ana pansi limodzilimodzi. Akufuna ena kumapeto a mwezi, ochulukirapo. A Herbert agula mandasi a aliyense. Amayi andinyamula m'mwamba, ine kukuwa kuti anditsitse msana ndi wanga.

Ndinadziwa kuti zidzatero. Ndinadziwa kuyambira tsiku la mgolo lija.

Kunyumba ndafika ndi mandasi awiri. Atikonda wadya limodzi, wabwerera kuchipinda. Kwatsala masiku atatu.

Lachisanu, 11 Julayi

Mipando yabwera. Thobwa lili m'migolo. Akuchikazi ayamba kufika, nyumba yadzaza ana ndi zikwama. Aliyense funso limodzi, a Gerishon afika liti. Ndikungoti ali m'njira.

Ndagula thadzi lina pamsika, mwakabisira, ndalimanga kuseri kwa bafa. Lowonda. Atikonda waliona, wangondigwira dzanja. Aka n'koyamba kundigwira chichokereni tsiku lija anamva za malume ake.

Lamlungu, 13 Julayi

Anabwera.

Mochedwa, akuchimuna atakhala kale, mkulu wa mpingo akukonza tayi kuti aimirire. Njinga yamoto pageti, alamu kumbuyo atafungatira dengu. Jekete yatsopano, fumbi m'nsidze. Atikonda anaiwala kuti ndi mkwatibwi, anafuna kuthamanga, anamugwira ndi anzake.

Analankhula bwino kuposa tsiku loyeserera lija. Dzanja pachifuwa. Anaseketsa anthu a ku Magaleta mpaka azimayi kupukuta misozi. Analandira tambala, anapereka thadzi, lonenepa zedi, wolandira anachita kuligwira ndi manja awiri. Anauza Michael kuti mwanayu ali ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi iwo. Ine pamenepo ndinalira, osabisa.

Koma ine sanandiyang'ane. Tsiku lonse. Pondiloza ankati "mayi a mwana", ngati munthu wongomudziwira pamsonkhano. Pa chakudya anawapatsa botolo la juwisi wathu. Ndinawaona ndili kukhitchini. Analikweza kudzuwa, kuyang'ana pansi, kulipendeketsa, kuyang'ananso. Kenako anamwa lonse. Ananyamuka anthu akuvina, osatsanzika.

Ndinati basi, mwana wapeza malume, ine ndataya achimwene. Ndinavomera mumtima kuti mtengo wake ndi umenewo.

M'mawa uno tikusonkhanitsa mbale, kuseri kwa chitseko cha khitchini, ndowa yachikasu. Yomwe ija, kapepala ka mtengo kakadalipo. Yodzaza. Atikonda akuti alamu anamunong'oneza dzulo: "Malume ako akuti uwu ndi wawo. Akuti amayi ako asatape pamwamba."

Ndapisa mkono mpaka pansi. Wouma. Wowawasa bwino, ngakhale sefa ikufunika kachiwiri. Kapu imodzi m'ndowa ya madzi, ndavundula, ndaiika pakhonde. Ndikulemba podikira.

Ukayera, alowa nawo mu Ogasiti ngati wina aliyense, beseni lopanda dzina. Ndipo ku Lisungwi ndidzapitabe, tsiku limene sakulidziwa. Ukapanda kuyera ndiwauza, ndipo akudziwa kuti ndiwauza. Anabweretsabe.

Madzi adekha. Atikonda akuti apise ndi iye. Ndakana. Chala choyesera ndi changa chomwechi.